Mwana wasiya kutsegula m'mimba, nanga zinki mwamusiyiranji?

 Lero ndabwera ndi dandaulo, ndipo ndikudziwa kuti ena mukwiya nane. Kwiyani, palibe kanthu, bola ana athu asiye kubwererabwerera kuchipatala ndi matenda amene tikanawathetsa pa ulendo woyamba.

Sabata yatha kunabwera mayi wina ndi mwana wa miyezi 11. Maso atalowa, milomo itauma, akulira popanda misozi. Aka kanali kachitatu kubwera ndi vuto la kutsegula m'mimba chiyambire mvula. Tili mkati momuika diripi, ndinawafunsa mayiwo ngati mwana anamwa zinki amene analandira maulendo awiri oyamba aja. Anatsegula kajumbo kamene amasungiramo buku la kusikelo n'kutulutsa timapaketi tiwiri. M'kena munatsala mapiritsi 7, m'kena 8. Paketi iliyonse imakhala ndi mapiritsi 10. M'kajumbo momwemo munalinso kapepala ka Flagyl wogula pa okala, ndipo ameneyo anali atatha yense.

"Anesi, mwana anachira tsiku lachitatu, ndiye ndinati otsalawa ndisunge adzandithandize tsiku lina."

Mayi ameneyu si waulesi ndipo mwana wake amamukonda. Anayenda mtunda wautali mwana ali kumbuyo, dzuwa likuswa mtengo. Anachita zimene ambiri a inu mumachita, n'chifukwa chake nkhaniyi ndaibweretsa poyera. Mankhwala amene mwana amafunikiradi anasungidwa m'jumbo, amene samafunikira anagulidwa ndi ndalama ya ganyu n'kumwedwa onse. Mfundo yanga lero ndi imodzi: zinki ndi mankhwala enieni a mwana wotsegula m'mimba, amayendera limodzi ndi Thanzi, ndipo amamwedwa tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, kaya mwana wachira kaya sanachire.

ZINKI N'CHIYANI?

Zinki ndi mchere wina wa m'nthaka, m'gulu la ayironi ndi ayodini. Ndi yemwe uja amakutira malata kuti asachite dzimbiri. M'thupi la munthu wamkulu muli zinki wokwana magalamu awiri kapena atatu okha, wosadzaza n'komwe kasipuni ka tiyi. Koma tinthu toposa 300 timene timayendetsa ntchito za m'thupi, timene madokotala amatitcha ma enzyme, sitigwira ntchito popanda iye. Kuti mwana akule, kuti chilonda chipole, kuti khungu likhale losalala, kuti lilime limve kukoma kwa chakudya, kuti asilikali a m'thupi achuluke pamene matenda abwera, ponseponse pakufunika zinki.

Chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: thupi lilibe nkhokwe ya zinki. Ayironi amasungidwa m'chiwindi, vitamini A amasungidwanso m'chiwindi kwa miyezi, n'chifukwa chake kusikelo timapereka vitamini A kamodzi pa miyezi 6. Zinki alibe posungira potero. Ali ngati madzi a mumtsuko, otungidwa tsiku ndi tsiku. Mwana akamatsegula m'mimba, zinki wambiri amatuluka ndi chimbudzi, pomwe mwanayo sakudyanso bwino. Mtsuko ukudontha ndipo palibe akupita kumjigo.

Anthu anazindikira mochedwa kuti munthu angathe kusowa zinki. Mu 1961 dokotala wina wochokera ku India, dzina lake Ananda Prasad, analemba za anyamata a m'midzi ya ku Iran amene anali ndi zaka za m'ma 20 koma akuoneka ngati ana a zaka 10, opinimbira, osatha msinkhu. Chakudya chawo chinali buledi wa tirigu tsiku ndi tsiku, nyama osaiona, ena akudyanso dothi. Atapita ku Egypt anapeza anyamata enanso otero, ndipo mu 1963 anaonetsa kuti chimene chinkasowa m'matupi mwawo ndi zinki. Atapatsidwa zinki anayamba kukula.

Mwina mukuti za ku Iran zikutikhudza bwanji. Chotsani buledi, ikanipo nsima. Chimanga, monganso tirigu, mapira ndi nyemba, chili ndi chinthu chotchedwa phytate chimene chimagwira zinki m'matumbo n'kumuletsa kulowa m'magazi. Mwana amene amadya phala la ufa wokha m'mawa, nsima ya masamba masana, nsima ya masamba madzulo, mimba imakhuta koma zinki akulowa wochepa kwambiri. Kafukufuku wa boma wa michere ya m'thupi wa chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 10 alionse osakwana zaka zisanu kuno ku Malawi, pafupifupi 6 anali ndi zinki wochepa m'magazi. Pa nthawi yomweyo ana 37 pa 100 alionse anali opinimbira. Ndiye mwana amene mukumuchotsera zinki tsiku lachitatuyo, mwina anali wosowa kale zinki asanadwale n'komwe.

AMAGWIRA BWANJI NTCHITO M'MIMBA?

Mkati mwa matumbo muli kakhungu kofewa kokhala ndi timanyenje ting'onoting'ono tomwe timayamwa madzi ndi chakudya. Tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba timakanda ndi kukokolola kakhungu kameneka, ngati momwe mvula imakokololera khoma la dothi. Matumbo m'malo moyamwa madzi amayamba kutaya madzi. N'chifukwa chake chimbudzi chimangoti phwa ngati madzi.

Thanzi amabwezera madzi ndi mchere zimene zatayika. Ameneyo ndiye amapulumutsa moyo lero lomwe, chifukwa chimene chimapha mwana wotsegula m'mimba ndi kutha madzi m'thupi. Koma Thanzi samata khoma. Womata khoma ndi zinki. Amathandiza kakhungu kaja kumeranso, amachepetsa madzi amene matumbo akutaya, ndipo amalimbitsa chitetezo cha m'thupi kuti chithamangitse tizilomboto. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti zinki amafupikitsa masiku otsegula m'mimba ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo amachepetsa kuchuluka kwa chimbudzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Phindu lalikulu lili patsogolo, ndipo ndi limene mumalitaya mukasiyira panjira. Mwana amene wamaliza masiku onse amakhala wotetezeka ndithu kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira, mwayi woti atsegulenso m'mimba umachepa. Miyezi itatu ndi gawo lalikulu la dzinja. Izi zinapezeka m'kafukufuku wochuluka wa ana masauzande m'maiko monga India ndi Bangladesh, ndipo mu 2004 WHO ndi UNICEF analengeza limodzi kuti mwana aliyense wotsegula m'mimba azipatsidwa ziwirizi, madzi a ORS ndi zinki. Papita zaka zoposa 20. Komabe kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti kuno kwathu, pa ana 10 otsegula m'mimba, opitirira 6 ankalandira ORS koma olandira zinki sankakwana atatu. Ndipo mwa ochepawo, ndi angati anamaliza paketi? Yankho lili m'majumbo mwanu.

"KOMA MWANA ANACHIRA"

Chimbudzi chikalimba tsiku lachitatu, chimene chatha ndi chimene maso anu akuona. Khoma la m'matumbo likadali losamatika bwino, ndipo zinki amene anatayika sanabwerere. Inu ndinu alimi. Mukathira feteleza wokulitsa, chimanga n'kubiriwira, kodi mumati basi, wobereketsa tisunge chaka chamawa? Mukatero mukolola mapesi. Masiku atatu oyamba ndi okulitsa, masiku 7 otsalawo ndi obereketsa.

Ena mumati mukusungira tsiku lina, kapena mukugawira mwana wa mnansi. Mtima wake ndi wabwino, koma paketi imodzi ikagawidwa pa ana atatu palibe amene wapindula mokwanira. Mwana wa mnzanu akadwala, mulozereni kwa alangizi a zaumoyo akalandire paketi yakeyake. Kuchipatala cha boma ndi kukiliniki ya m'mudzi zinki ndi waulere.

"AKAMWA AMASANZA"

Apa sindikutsutsani. Zinki ali ndi kakomedwe ka chitsulo ndipo ana ena amachita nseru kapena kusanza, makamaka akamwa m'mimba muli mbee. Mankhwala ake ndi kumupatsa atangoyamwa kapena atangodya phala. Akasanza pasanathe theka la ola, dikirani akhazikike kenaka mupatseninso. Kusanza kamodzi sikutanthauza kuti mankhwala amukana. Koma mwana wosanza chilichonse chimene walowetsa m'kamwa, ngakhale bere, ameneyo musalimbane naye kunyumba, thamangani naye kuchipatala.

"TIMAPIRITSI TOTERE TINGACHIZE CHIYANI?"

Apa ndiye pali matenda athu aakulu. Timakhulupirira kuti mankhwala amphamvu ndi jakisoni, kapisozi wa mitundu iwiri, kapena piritsi lowawa logula ndi ndalama. Mwana akangotsegula m'mimba, bambo akwera njinga kupita pa golosale: "Ndipatseni Flagyl awiri ndi Bactrim awiri." Wogulitsayo sanaone mwana, sanamuyeze pa sikelo, sanafunse ngati m'chimbudzi muli magazi. Wawerenga ndalama basi.

Mvetserani. Kutsegula m'mimba kwa madzimadzi kwa ana aang'ono nthawi zambiri kumayamba ndi mavairasi, ndipo wotchuka kwambiri ndi rotavirus, amene katemera wake anayamba kuperekedwa kuno mu 2012, wodonthezera m'kamwa pa masabata 6 ndi 10. Flagyl ndi Bactrim sapha mavairasi. Mwana akachira atamwa Flagyl, dziwani kuti akanachira ngakhale osamwa. Chimene Flagyl wachita ndi kumuwawitsa m'kamwa, kumuchotsera chilakolako cha chakudya, ndi kusokoneza tizilombo tabwino ta m'matumbo. Choopsa china n'chakuti tizilombo timazolowera mankhwala omwedwa mwachisawawa, ndipo tsiku limene mwana adzadwale matenda ofunikiradi mankhwalawo, adzapezeka kuti sakugwiranso. Ife m'mawodi tikuziona kale zimenezi.

Maantibayotiki ali ndi malo ake. Mwana akamachita chimbudzi cha magazi, kamwazi, amafunika antibayotiki, koma wosankhidwa ndi achipatala, pa mlingo wa kulemera kwake. Pa kolera woopsa chimodzimodzi. Tonse tikukumbuka kolera wa 2022 ndi 2023 amene anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ngakhale m'misasa ya kolera, chachikulu chinali madzi a ORS ndi diripi, ndipo ana ankapatsidwanso zinki yemweyu amene inu mukumuderera.

Palinso mapiritsi oimitsa m'mimba, monga loperamide, amene akuluakulu amamwa akakhala pa ulendo. Amenewa musamupatse mwana wamng'ono. Amaumitsa matumbo, mimba imatupa, tizilombo timatsekeredwa mkati, ndipo mwana angathe kufa nawo. Thewera louma lisakunamizeni kuti mwana wachira.

KWA AGOGO NDI APONGOZI

Ndikulankhula nanu mwaulemu, chifukwa m'makomo ambiri mawu omaliza pa mwana wodwala ndi anu. Munalera ana ambiri ndipo zambiri mumazidziwa. Koma zinthu zitatu izi ndikupemphani tizisiye.

Choyamba, zoti "ndi mano akumera, zisiya zokha." Mano amamera pa msinkhu umene mwana wayamba kukwawa, kutola chilichonse n'kuika m'kamwa, ndi kudya phala. Tizilombo timalowera pamenepo. Kaya mano akumera kaya ayi, mwana amene wachita chimbudzi cha madzi katatu kapena kuposa pa tsiku akutaya madzi ndi zinki, ndipo afunika kubwezeredwa.

Chachiwiri, liwombo. Liwombo likalowa mwana akutsegula m'mimba, ndi chizindikiro choti madzi atha m'thupi. Phula kapena mankhwala omata pamutu sangalikweze. Limakwera lokha mwana akalandira madzi. Maola amene mumathera kufunafuna womata liwombo ndi omwewo amene mwana akanakhala ali pa diripi.

Chachitatu, kumuchotsa mwana kubere kapena kumumana chakudya poti "m'mimba mupume," kapena poti mayi aima ndiye mkaka wawonongeka. Mkaka wa mayi woyembekezera suwonongeka. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi oyera, uli ndi chitetezo, ulinso ndi zinki amene amalowa m'thupi mosavuta kuposa wa m'chakudya china chilichonse chimene mwanayo angadye. Mwana wodwala ayamwe kawirikawiri kuposa kale. Ndipo mwana akamaonda chifukwa chotsegula m'mimba mobwerezabwereza, tisathamangire kunena za tsempho n'kuyamba kuimba mlandu makolo ake. Kutsegula m'mimba kumachotsa zinki, kusowa zinki kumaitana kutsegula m'mimba kwina, mwana n'kumangotsika pa sikelo mwezi ndi mwezi. Chingwe chimenechi chimadulidwa ndi masiku 10 aja pamodzi ndi chakudya chabwino.

NAFENSO ACHIPATALA TILI NDI MLANDU

Ndikanakhala wachinyengo ndikanaloza chala amayi okha. Kangati ife timangoponya paketi pawindo n'kunena kuti "kamodzi patsiku, wotsatira!" osafotokoza chifukwa chake? Mayi uja nditamufunsa ngati wina anamuuzapo kuti amalize ngakhale mwana atachira, anati ayi. Ndinachita manyazi. Mzere ndi wautali, inde, ndipo tilipo ochepa, koma chiganizo chimenechi sichitenga mphindi imodzi. Alipo anzathu ena amene amalemba Flagyl pa mwana aliyense wotsegula m'mimba pofuna kuti mayi asachoke akudandaula kuti sanapatsidwe mankhwala enieni. Anzanga, tikatero tikuphunzitsa mudzi wonse bodza, ndipo mawa akagula okha pa okala sitingawadzudzule.

Zimachitikanso kuti zinki watha pa chipatala. Zikatero tiziwauza makolo zoona, kuti mankhwala ofunika ndi awa, dzina lake ndi ili, akawapeze ku famase yovomerezeka kapena abwerenso tsiku lakuti. Inu amayi, muli ndi ufulu wofunsa. Mwana wanu akapezeka ndi kutsegula m'mimba ndipo mwapatsidwa Thanzi yekha, funsani mwaulemu: "Nanga zinki?" Safunsa anadya phula.

KAPEREKEDWE KAKE

Piritsi limodzi lili ndi mamiligalamu 20. Mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo amamwa piritsi lathunthu kamodzi pa tsiku. Wa miyezi iwiri mpaka 6 amamwa theka la piritsi, mamiligalamu 10, kamodzi pa tsiku. Khanda losakwana miyezi iwiri likatsegula m'mimba musayambe chilichonse panokha, pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo.

Mapiritsiwa ndi osungunuka. Ikani piritsi pa sipuni yoyera, mufinyirepo mkaka wa m'mawere pang'ono, kapena madzi a Thanzi, kapena madzi owiritsa ozizira. Pakangopita kanthawi lasungunuka, osafunika kusinja. Mwetsani zonse za pa sipunipo. Mwana wokulirapo angathe kutafuna. Sankhani nthawi imodzi, monga akangomaliza phala la m'mawa, kuti musaiwale. Mukaiwala tsiku limodzi, pitirizani mawa lake ndi piritsi limodzi, osaphatikiza awiri. Ngati kuwerenga masiku kumakusokonezani, paketiyo ikuwerengereni: ikatha yonse ndiye kuti mwamaliza. Achipatala akakupatsani a masiku 14, malizani 14.

Thanzi sungunulani paketi yonse mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a theka la lita. Musathiremo shuga kapena Sobo, ndipo musachepetse madzi poganiza kuti akhala amphamvu, chifukwa mchere ukachuluka umamupweteka mwana. Wosakwana zaka ziwiri mupatseni kota mpaka theka la kapu yaikulu nthawi iliyonse akachita chimbudzi, wa zaka ziwiri mpaka 10 theka la kapu mpaka kapu yodzaza. Mwetsani pang'onopang'ono ndi sipuni. Akasanza dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso modekha. Otsala akatha tsiku lathunthu, usana ndi usiku, tayani mupange ena. Thanzi mumasiya kutsegula m'mimba kukatha. Zinki mumapitiriza.

ZINKI SI WA CHILICHONSE

Tsopano nditembenukire mbali ina, chifukwa alipo amene amva zimenezi n'kuyamba kumwa zinki ngati mtedza. Nthawi ya COVID-19 anthu m'matauni anagula zinki mpaka kutha m'mafamase, ndipo lero pa Facebook ndi pa WhatsApp pali ogulitsa mabotolo okwera mtengo amene akuti amachiza shuga, kusabereka, mphamvu za abambo ndi zina zonse. Sungani ndalama zanu. Zinki amathandiza thupi limene likumusowa, ndipo wopitirira muyezo ndi poizoni ngati mankhwala ena onse. Munthu wamkulu asapitirire mamiligalamu 40 pa tsiku popanda uphungu wa dokotala. Womwa wambiri kwa miyezi amatsekereza mchere wina wotchedwa kopa kulowa m'thupi, mapeto ake magazi amachepa, miyendo imachita dzanzi, ndipo chitetezo chimene amafuna kukweza chija chimatsika. Mwana amene sakudwala musamamupatse mapiritsiwa tsiku ndi tsiku mwa inu nokha, ndipo asungeni patali poti angawatole n'kutafuna onse.

Zinki amakanganso ndi mankhwala ena m'mimba, amawagwira n'kuwaletsa kulowa m'magazi. Ena mwa iwo ndi ciprofloxacin ndi tetracycline. Enanso ndi dolutegravir, amene ali m'ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano, akulu ndi ana omwe. Ngati inu kapena mwana wanu ali pa mankhwala amenewa, auzeni achipatala asanakupatseni zinki kuti akuuzeni motalikitsira nthawi. Kawirikawiri timati ma ARV ayambe, zinki abwere patapita maola awiri kapena kuposa. Musasiye ma ARV chifukwa cha zinki. Mwana amene ali pa chiponde cha kuchipatala chifukwa cha kunyentchera, m'chipondemo muli kale zinki wokwanira, choncho musawonjezere pokhapokha achipatala atanena.

PAKETI IKATHA, MPHIKA UPITIRIZE

Masiku 10 amabweza zimene zinatayika. Kuti mtsuko uja usaumenso, ntchito ili kukhitchini. Zinki wolowa bwino m'thupi ali m'zakudya zochokera ku nyama: usipa, matemba, bonya, chiwindi, nyama ya mbuzi, nkhuku, mbewa, ngumbi, mazira. Sindikunena za nyama ya pa butchala tsiku lililonse, ndikudziwa mmene thumba lilili. Tengani kausipa kapena bonya wouma, mukazinge pang'ono, musinje mpaka akhale ufa, musunge m'botolo louma, muzithira sipuni imodzi m'phala la mwana. Nsinjiro, nthangala za maungu zokazinga ndi kusinja, soya ndi nyemba zilinso ndi zinki. Nyemba muziziviika usiku wonse n'kutaya madziwo musanaphike, chifukwa kuviika, kumeretsa ndi kusasitsa kumachepetsa phytate uja. Agogo athu pomeretsa chimera ankachita sayansi osadziwa dzina lake. Mwana akachira, muwonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti abweze thupi.

Abambo, apa pakukhudzani. Mutu wa nsomba ndi chiwindi cha nkhuku zisamathere m'mbale yanu mwana akudya msuzi. Inu munakula kale. Ndalama ya Flagyl ija mukanagula bonya wa masiku angapo.

Ndipo tisaiwale kumene tizilombo timachokera: madzi osatetezedwa, manja osasamba ndi sopo pochoka kuchimbudzi, posintha thewera ndi podyetsa mwana, ndi chimbudzi cha ana chotayidwa kuseri kwa nyumba. Zinki sangalimbane ndi chitsime chimene madzi a mvula akulowamo.

MUSADIKIRE KUNYUMBA MUKAONA IZI

Mwana akukana kuyamwa kapena kumwa. Akusanza chilichonse. Wafooka, akungogona, sakudzuka bwino. Wakomoka. Maso kapena liwombo zalowa. Mukatsina khungu la pamimba likuchedwa kubwerera. Sakukodza. M'chimbudzi muli magazi. Thupi latentha. Chimbudzi chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga. Kutsegula m'mimba kwafika masiku 14, kapena papita masiku atatu osasintha. Chimodzi chokha mwa izi, nyamukani, usiku kapena usana, ndipo muzimumwetsa Thanzi ndi kumuyamwitsa m'njira monse. Mukasowa wofunsa, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni.

Mwana wa mayi uja anatuluka patapita masiku awiri, akuseka, akukoka ndolo za mayi ake. Potuluka ndinakhala nawo pansi, tinawerenga limodzi mapiritsi 10, ndipo ndinawapempha kuti pobwera kusikelo mwezi wamawa adzandionetse paketi yopanda kanthu. Anaseka n'kunena kuti, "Anesi, ndidzabwera nayo ngati lisiti."

Inunso ndikupemphani chimodzimodzi. Pitani mukatsegule jumbo ya buku la kusikelo, kabati, kapena kachitini ka pawindo. Mukapezamo zinki wotsala, mundiuze m'makomenti kuti munatsala angati ndipo munasiyiranji, sindikukalipirani, ndikufuna tidziwe pamene pakuvuta. Amene muli ndi foni, awerengereni uthengawu apongozi anu, anzanu a kumjigo ndi a ku banki m'khonde. Mvula ikadalipo ndipo ana adwalabe. Akadwala, Thanzi mpaka chimbudzi chilimbe, bere ndi phala osaleka, zinki mpaka paketi ithe.

Ndine nesi wanu. Tionana kusikelo.